Chiwongolero cha Bambo a Tereza

Ndakhala ndikugulitsa mbatatesi pamsika wa Ulongwe kuyambira Tereza wanga ali kumsana, ndipo palibe mlimi amene anandigulitsapo thumba lowola pansi. Ine ndimakhuthula kaye. Ndiye amuna anga atandipempha kuti ndipite ku Tete ndikawagulire zipangizo zomangira kompyuta, sindinachite mantha. Ndinati katundu ndi katundu, kaya wodyedwa kaya wamagetsi, ndipo ogulitsa onse anabadwa kwa mayi mmodzi.

Amuna angawo, a Fabiyao, anali oyendetsa shapa, minibasi zathu zija zonyamula anthu pakati pa Ulongwe ndi Tete. Dzinja lina lole inawapeza pakona, mvula ikugwa. Anatuluka m'chipatala mutu uli bwino, manja ali bwino, koma kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi mulibe chomva. Anthu ankandipepesa za miyendo. Ine chimene chinkandidya chinali china: bambo a Tereza anasiya kukalipa. Munthu amene ankakalipira nkhuku zodumpha msewu, wailesi, ngakhale mitambo, anangokhala pachikuku pafupi ndi zenera, zii. Anzawo apamsewu akabwera kudzawaona, ankandinong'oneza kuti ndikawauze kuti agona. Tsiku lina ndinathira dala mchere wodzaza dzanja m'nyemba kuti mwina andikalipire. Anadya zonse, n'kunena zikomo. Ndinakalirira kuseri kwa nyumba.

Tereza ndi amene anatsegula kakhomo. Atabwera patchuthi kuchokera kusukulu ku Fonte Boa, anawaikira bambo ake m'foni masewera oyendetsa lole. Bambo akewo anayamba monyinyirika, kenako foni inkachita kutentha m'manja mwawo. Posakhalitsa anapeza mavidiyo a anthu oyendetsa malole pa kompyuta, msewu ukuoneka ngati weniweni, mvula ikumenya pagalasi. Anaonera mavidiyowo nyengo yonse yokolola, mpaka anadziwa kuti kompyuta yotere munthu amatha kuimanga yekha, chipangizo ndi chipangizo, monga momwe ankaphwasulira injini n'kuibwezera. Chinali chinthu choyamba kuchipempha chichokereni kuchipatala. Mbatatesi zitayenda malonda, chipereganyo chathu cha amayi apamsika n'kugweranso kwa ine, ndinati basi, ndikupita.

Amuna anga anandilowezetsa mayina ngati katekisimu. Pulosesadolo ndiye amaganiza. Pulaka-mayi ndi thabwa limene zonse zimakhalapo, ndipo liyenera kugwirizana ndi pulosesadolo, apo ayi sizilowana. Memoriya zikhale ziwiri, osati imodzi yaikulu. Disiki ikhale yamakono, yopanda zozungulira m'kati. Fonte, kabokosi kogawa magetsi, isakhale yotchipa. Ndipo zonse zotsala m'thumba zipite ku pulaka ya vidiyo, imene imajambula msewu.

"Nanga chiwongolero chija ndinaona m'vidiyo?" ndinafunsa.

"Chimenecho musagule, mayi a Tereza. Mabatani akwanira."

"Munthu n'kuyendetsa lole ndi mabatani ngati akulemba kalata?"

"Ndati musagule." Anatembenukira kuzenera.

Ndinaganiza kuti akumvera chisoni thumba langa. Mumtima ndinali nditagula kale.

Ndinafika pokwerera mashapa m'mamawa, kuzizira kwa kwathu kukulowa m'mafupa, ndili ndi majuzi awiri ndi chitenje kumutu. Kobuladolo, wolandira ndalama pakhomo uja, ankafuula kuti kwatsala anthu awiri okha. Ine mkazi wa woyendetsa ndimawadziwa anthu awiri a kobuladolo. Theka la okhala m'katimo anali anzake ongodzazitsa mipando, ndipo ankatsika mmodzimmodzi wokwera weniweni akabwera. Dzuwa linatuluka, linakwera, ine n'kuvula juzi loyamba tisanasunthe. Mtengo unali utakweranso. Anati ndi mafuta, monga amanenera chaka chilichonse.

Kumbuyo pamzere ndinaona shapa ya Domingo, ndipo ndinakokera chitenje kumaso. Domingo anali kobuladolo wa amuna anga kale. Iwo ndi amene anamuphunzitsa kuyendetsa, ndipo mpaka lero amawatchula kuti amesitiri. Ndinali nditamubweza pakhomo kangapo ndi mawu aja oti agona, ndipo mmawa umenewo sindinafune mafunso.

Pambali panga panakhala abambo ena achikulire a ku Lifidzi, ovala suti yosita bwino, akupita kukalondola mapepala a penshoni. Titanyamuka ndinayamba kubwereza mayina anga chamumtima, milomo ikugwedera: pulosesadolo, pulaka-mayi, memoriya. Abambowo anandiyang'ana, anavula chipewa, naweramitsa mutu. Anakhala chiweramire mtunda wautali ndithu. Nditawauza kuti sindikupemphera kolona, anabwezera chipewa kumutu ali ndi kankhope.

"Ndiye mukukagulira mwana choseweretsa?"

"Ndikukagulira bambo wa mwana."

"Dziko lapita," anatero. Kenako anamasula kathumba ka mtedza wokazinga n'kundigawira.

Pali kona ina pamene msewu umayamba kutsetsereka kuchoka kumapiri kwathu. Chichitikireni ngozi ndinali ndisanadutsepo, ndipo ndinkaganiza kuti ndidzatseka maso. Sindinatseke. Panali udzu wouma, mbuzi zikudya, ndi mayi wina akugulitsa makala. Zinandikwiyitsa kuti malo angathe kuiwala msanga chotero.

Pa Musakama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zobwe, woyendetsa anazimitsa injini n'kunena kuti akukamwa madzi. Madzi akewo anali nyama ya mbuzi ndi chipisi, ndipo anawamwa mosafulumira. Ife tinakhala m'shapa tikuphikika. Ogulitsa anazinga mazenera ndi masawu, mazira owiritsa, madzi a m'mapepala. Abambo a ku Lifidzi anatsika kukatambasula miyendo, atabwera anapeza pamalo pawo pakhala mayi wina ndi nsengwa ya tomato, ndipo mlandu wa mpandowo unatenga nthawi yofanana ndi nyama ya mbuzi ija. Ine ndinavula juzi lachiwiri n'kulikhalira.

Kuchokera pamenepo dziko linali la malambe ndi kutentha. Ku Moatize tinagwera pamzere wa malole, fumbi lakuda likulowa mpaka m'mano. Tinkayenda pang'ono, kuima, kuyendanso. Ndinkayang'ana oyendetsa malolewo m'mwamba mwawo muja, mkono uli pazenera, dzanja limodzi lili pachiwongolero, ndipo ndinkaona amuna anga. Ndinadziuza kuti zivute zitani, chiwongolero ndibwera nacho. Tinawoloka Zambezi dzuwa litapendeka, ndipo pomwe ndimaipeza sitolo imene amuna anga anandilozera, inali itatsekedwa. Ndinawolokanso mlatho kukagona kwa msuweni wanga ku Matundo.

Mmawa mwake ndinali woyamba pakhomo. Sitolo yake inali yaing'ono, yopanikizika pakati pa wogulitsa nsapato ndi wokonza mafoni. Mwini wake anali Dona Irene, mayi wamsinkhu wanga, magalasi ali pamphumi. Tinamvana ndi Chinyanja changa, Chinyungwe chake, ndi Chipwitikizi pomwe zinakanika. Nditamulakatulira katekisimu wanga anaseka, n'kuyamba kuyala mabokosi patebulo.

"Izi ziwiri zilowana?" ndinafunsa, ndikuloza pulosesadolo ndi pulaka-mayi.

"Zilowana, mayi."

"Ndionetseni."

Anandiyang'ana, kenako anatsegula kachitseko kapathabwapo n'kukhazikapo kachitsulo ka pulosesadolo kaja mosamala. Kanagona bwinobwino popanda kukankha. Ndinati chabwino. Memoriya anafuna kundipatsa imodzi yaikulu, ine ndinati ziwiri. Kenako anatulutsa bokosi loikamo zonse, la galasi m'mbali, lokhala ndi timagetsi tosinthasintha mitundu. Linali lokongola, sindikana. Koma ndinaganiza za fumbi la kwathu m'chilimwe, ndi za chikuku chimene chimagunda miyendo ya tebulo tsiku lililonse. Ndinasankha lachitsulo lakuda, lokhala ndi kasefa kutsogolo.

"Fonte tengani iyi yotsika mtengo," anatero Dona Irene. "Zotsalazo muwonjezere ku pulaka ya vidiyo."

"Kwanu kuno mphezi imabwera mwaulemu kapena? Kwathu inatiwotchera filiji magetsi atangobwerera. Ndipatseni yolimba."

Sanatsutse. Ndinaona kuti wayamba kundilemekeza, ndipo inenso ndinayamba kumukonda.

Pulaka ya vidiyo imene amuna anga ankafuna inalipo. Inali yaitali ngati mkono wa mwana, ya zokupizira mphepo zitatu, yolemera ndithu. Pashelefu yapamwamba panali bokosi lina, chithunzi chake chili chiwongolero chakuda. Nditafunsa mitengo ndinaona kuti ziwirizi sizingakwere shapa imodzi. Foni inali m'chikwama, koma sindinaimbe. Yankho lawo ndinkalidziwa.

Safunsa anadya phula. Ndinati, "Dona Irene, tiuzane zoona ngati amayi. Masewera a malole amafuna pulaka yaikulu chonchi?"

"Mukaonera pa chiyani?"

"Pa TV yathu ya pabalaza, wamba."

Anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi. "Ndiye ayi. Yaikuluyi ndi ya anthu owomberana mfuti pamagalasi odula. Pa TV yanuyo kusiyana kwake simungakuone. Ndili ndi ina yocheperapo, yogwirapo kale ntchito. Mwini wake anasamuka, anandisiyira. Malole imawakoka bwino."

"Yogwirapo kale ntchito ndiye thumba losokedwa kale. Khuthulani."

Anailumikiza pa kompyuta yake n'kuyatsa masewera a malole omwewo. Ndinakoka mpando. Ndinamuuza kuti aike mvula, aike mdima, aike mzinda wodzaza magalimoto. Ndinaika dzanja pafupi kuti ndimve kutentha kwake, ndinatchera khutu ku zokupizira ngati zikukhula penapake, maso ali pagalasi kudikira kuti chithunzi chidodome kapena chichite mawanga. Makasitomala ena analowa, anagula, anatuluka, ine ndili pomwepo. Dona Irene anandigulira fanta. Pofika masana pulaka ija inali isanatsokomole ngakhale kamodzi, ndipo ndinati ndatenga, pamodzi ndi chiwongolero. Masewerawo anandithandiza kuwagula n'kuwaikiratu mu disiki.

Bokosi la chiwongolero linali lomata, latsopano, koma dzanja langa silidziwa kulipira chinthu chotseka. Ndinalitsegula. Chiwongolero chinali pamwamba, chachikopa, chokwana bwino m'manja. Nditachinyamula, pansi pake panali chinthu china chokulungidwa m'pulasitiki. Ndinamasula. Zinali zopondera zitatu: kilachi, buleki, ndi moto.

Ndinakhala pansi. M'mavidiyo muja zinthu zimenezi zimakhala kunsi kwa tebulo, kumene kamera siyang'ana, ndipo ine ndinkangoona manja. Amuna anga ankadziwa. Sanali kumvera chisoni thumba langa ayi. Sankafuna kuti m'nyumba mwawo mulowe chinthu chodikira mapazi awo.

Dona Irene anaona nkhope yanga, ndipo ndinamufotokozera. Anatembenuza chiwongolero n'kundionetsa timapiko tiwiri kuseri kwake.

"Iti ndi tosinthira magiya, koma angathe kutisandutsa moto ndi buleki, n'kumayendetsa ndi zala. Kungoti tilibe pang'ono. Ukakanikiza ndi moto wonse, ukasiya palibe."

Ndinaganiza za munthu amene ankanyadira kuti amatsika mapiri athu mayi atanyamula mazira pamiyendo, osasweka ngakhale limodzi. Moto wonse kapena palibe, kwa iwo kukanakhala kutukwanidwa.

"Ndigulitseni chiwongolero chokha, izi zitsale."

"Zimayendera limodzi, mayi. Ndikazisunga ndidzagulitsa kwa ndani?"

Walira mvula walira matope. Ndinalipira. Zopondera ndinazikulunga m'majuzi anga awiri n'kuziika m'chikwama changa, padera, kuti zisalowe m'nyumba ndi katundu wina. Ndinati ndiganiza panjira kuti ndizisiya kwa ndani.

Pokwerera mashapa a ku Ulongwe, imene inali kutsogolo pamzere inali ya Domingo. Panalibe kobisala, ndili ndi mabokosi mpaka m'chibwano. Kobuladolo wake, bambo wandevu, anawalanda kale kuti akawamange pangolo yakumbuyo pamodzi ndi matumba a simenti ndi nsomba zouma. Domingo anafika, anaona chithunzi cha chiwongolero pabokosi, anandiyang'ana ine.

"N'za amesitiri?"

"N'zawo."

"Katundu wa amesitiri sakwera kumbuyo," anauza kobuladolo. Mabokosi anawapezera malo kuseri kwa mpando wake, anawatchinjiriza ndi jekete lake, ndipo ine anandikhazika kutsogolo.

Titadutsa malole aja a ku Moatize, Domingo anati, "Amagonabe masana, amayi?"

"Amagonabe."

Anangogwedeza mutu. Munthu wophunzitsidwa bwino sakumba pamene pakwiriridwa.

Tinadutsa Musakama bwinobwino, n'kuyamba kukwera. Pachitunda choyamba chachikulu ndinamva kuti thapu kunsi kwa mapazi a Domingo. Injini inangotsika mawu n'kumang'ung'udza, shapa inafooka, inaima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Domingo anaponda buleki, wandevu uja analumpha n'kuika mwala kuseri kwa tayala. Waya wochokera pachopondera moto kupita ku injini unali utaduka.

Tonse tinatsika. Pamalopo panalibe nyumba, panalibe netiweki, panali mtengo umodzi wa mthunzi wochepa umene tinaugawana anthu tonse. Monga mwa nthawi zonse, m'shapa munapezeka amakaniko ambiri. Wina anati ndi batire. Wina anati mafuta anathiridwa madzi. Mayi wina anati iye anaona kale kuti ulendowu suli bwino chifukwa diso linkamuphethira kuyambira ku Tete. Mashapa awiri anadutsa odzaza, oyendetsa ake anaima, anasuzumira, anapepesa, koma waya wapadera analibe. Ine ndinkangoyang'ana mabokosi anga ndi dzuwa, chifukwa sindinafune kuti katundu ameneyu agone patchire.

Injini ya shapa imakhala kunsi kwa mpando wakutsogolo, womwe ndinakhalapo ine. Domingo anautukula, anagwada, anasuzumira nthawi yaitali. Kenako anakamasula chingwe chimodzi pamatumba a nsomba, anamanga nsonga yake pakachitsulo kotsegulira mafuta, anabwezera mpando atauchirikiza ndi kamtengo kuti chingwe chidutse. Atakoka, injini inabangula.

"Tipita," anatero. "Koma ine manja anga ali pachiwongolero ndi pagiya. Pafunika wina wokoka moto."

Onse anayang'ana wandevu. Domingo anapukusa mutu. "Uyu akhale pakhomo ndi mwala. Ikatizimira pachitunda, wolumpha ndi iyeyu." Amakaniko aja onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Domingo anatembenukira kwa ine. "Amayi, mpandowu ndi wanu."

Ndinakulunga chingwe kudzanja. Chinkanunkha nsomba, ndipo kutentha kwa injini kunkakwera m'chitenje.

"Ndikati kokani, mukoke pang'onopang'ono. Ndikati siyani, musiye, ndisinthe giya. Tiyeni. Kokani."

Ndinakoka ngati ndikuzula chinangwa. Shapa inalumpha, anthu kumbuyo anagundana mitu, nkhuku ya munthu inalira. Wina anafuula kuti amayiwo atipha. Ndinamuyankha kuti chingwe chilipo, abwere. Sanabwere.

"Siyani. Kokani. Pang'ono, amayi, pang'ono. Musayang'ane msewu, msewu ndi wanga. Inu mverani injini."

Chitunda choyamba tinakwera modumphadumpha. Chachiwiri ndinayamba kumva. Injini ikalemedwa imalira mokhuthala, ikafuna giya ina imalira mopyapyala, ndipo dzanja langa linayamba kusiya Domingo asananene. Pofika pakona ija ya ngozi sindinaione n'komwe, ndinali kalikiliki kupereka moto wokwanira kuti tizungulire bwino. Mphepo yozizira ya kwathu inayamba kulowa pazenera. Chingwe chinandidula m'chikhatho, phewa linkawawa, koma ndinali ndisanasangalale chotero kwa nthawi yaitali.

"Amesitiri ankandiphunzitsa chonchi," anatero Domingo tikuyandikira Ulongwe. "Iwo agwira chiwongolero, ine ndisintha giya. Ankati galimoto siidziwa kuti manja ndi a ndani."

Ndinali nditaganiza zomupatsa iyeyo zopondera zija kuti azisunge. Titafika, anatsitsa anthu onse, anandiperekeza ndi shapa mpaka pakhomo, ine ndikukokabe chingwe. Anatula mabokosi pakhonde, osafunsa ngati agona, n'kukankhira shapa pambali kuti akasake waya. Chikwama changa ndinalowa nacho m'nyumba chili chodzaza.

Bambo a Tereza anatsegula mabokosi limodzilimodzi patebulo. Pulosesadolo anagwedeza mutu. Memoriya ziwiri anagwedeza mutu. Fonte anaiyeza kulemera m'dzanja, n'kugwedezanso mutu. Atafika pa pulaka ya vidiyo anaima.

"Iyi si imene ndinanena."

"Si imeneyo. Koma ndinaiyesa m'mawa wonse, imakoka."

Kenako ndinaika bokosi lomaliza patsogolo pawo. Analiyang'ana nthawi yaitali osalikhudza.

"Zinazo zili kuti?"

Ndinamasula majuzi n'kuika zopondera zija pansi.

"Ndinati chiyani, mayi a Tereza?" Anafunsa motsitsa mawu, mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unandiopsa kuposa ndodo. Anandiuza kuti ndichotse zonse ziwiri pamaso pawo. Ndinakaziika pamwamba pa kabati.

Kompyuta anaimanga okha masiku otsatirawo, ndi kasikuludalaiva kawo kakale. Inayaka ulendo woyamba. Msewu unaoneka pa TV, wosalala, mitengo ikudutsa, ndipo pulaka yanga yaing'ono sinandichititse manyazi. Ankayendetsa ndi mabatani, lole ikukhotera uku ndi uku ngati yoledzera. Ankasewera pang'ono, n'kuzimitsa, n'kubwerera kuzenera. Ndinayamba kuopa kuti ndawononga ndi dzanja langa chinthu chimodzi chokha chimene anapempha.

Lamulungu nditabwera ku Misa, tinadya, ndinatsuka mbale. Iwo anali atayatsa masewera, lole itaima pambali pa msewu. Ndinatsitsa chiwongolero pakabati, ndinasuntha mabatani awo, ndinachimanga patebulo patsogolo pawo. Zingwe ndinalumikiza monga anandionetsera Dona Irene. Zopondera sindinaziike kunsi kwa chikuku. Ndinazikokera kumbali, ndinabweretsa mpando wanga wakukhitchini, ndinavula nsapato za kutchalitchi, n'kuikapo mapazi anga.

"Mukutani?"

"Ndikudikira woyendetsa. Kuchokera kumtunda kwa Musakama mpaka pakhomo pano, moto ndinapereka ndine, ndi chingwe cha nsomba. Mukamufunse Domingo."

Ndinawaonetsa chikhatho, mzere wa chingwe udakalipo. Anayang'ana chikhatho, anayang'ana mapazi anga, anayang'ana kuzenera. Ndinali nditatsimikiza kuti akati chotsani, ndichotsa, ndipo sindidzayesanso.

Manja awo anapita okha. Lamanja linagwira pamwamba, lamanzere linasisita chikopa m'mbali, n'kugwedeza chiwongolero pang'ono uku ndi uku monga amachitira woyendetsa aliyense asananyamuke. Anasintha zina ndi zina pagalasi.

"Chakumanzerecho musachikhudze. Chakumanja, pang'ono."

Ndinaponda. Lole inanyamuka, inalowa mumsewu, inayamba kuthamanga. Mapewa awo anawongoka. Tinadutsa mlatho, tinapitirira basi ina, ine khutu lili ku injini. Kenako kunabwera kona yotsetsereka.

"Siyani moto. Buleki. Buleki, mayi a Tereza."

Phazi langa linasochera n'kupondanso moto. Lole inawomba zitsulo za m'mbali mwa msewu, ngolo yake inapingasa msewu wonse, magalimoto akuimba mahutala.

"Buleki ili pakati! Kodi limenelo ndi phazi la munthu kapena ndi mpini wa khasu? Katundu wa eni ake mwamumwaza msewu wonse. Domingo yemwe, ndi mutu wake wouma uja, sanandigwetserepo galimoto chonchi."

Mawu awo anadzaza nyumba mpaka mayi a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Ine misozi inali ikutsika, ndikuseka, mapazi ali pomwepo. Iwo sanandiyang'ane n'komwe, maso anali pagalasi loonera kumbuyo, dzanja likuzungulitsa chiwongolero.

"Pukutani m'maso, simukuona msewu. Tibwerere m'mbuyo, pang'onopang'ono. Ndipo mawa muweruke msanga kumsika, katundu ameneyu ndi wopita kutali."